Ndevu za Kamphaka ka Ababa

Ababa anabwera kuno ku Milange ndi zinthu ziwiri basi: chikwama chomanga ndi linya, ndi kamwana ka mphaka m'thumba la jekete. Amayi anali atamwalira mu Meyi, ndipo ku Mongue kunalibe wowaphikira ngakhale wowakumbutsa mankhwala awo. Kuti akwere shapa, minibasi ya kuno, ndinachita kulira pamaso pa anthu.

Chikwama chija anachikhazika kuseri kwa chitseko, n'kundiletsa kuchimasula. Ankangosololamo malaya amodzi, n'kumanganso.

"Ndabwera kudzacheza chabe, Rosita," ankatero. "Mvula yoyamba ikagwa ndibwerera kwathu."

Munthu woti anagwa kale kawiri pachitsime, akakhale yekha kumudzi? Ndinkayang'ana mitambo pamwamba pa phiri la Tumbine ngati mdani wanga.

Kamphakako kanabadwa kwa mphaka wa amayi, n'chifukwa chake Ababa ankakasunga ngati dzira. Nsomba ankakachotsera minga. Ine mwana wawo weniweni sindikumbuka tsiku limene anandichotserapo minga.

Tsono Lachitatu lina m'mawa ndikusesa pakhonde, kanabwera kudzadzikhuza pamwendo wanga. Nditayang'ana, mayo ine! Ndevu zonse kulibe. Kumanja kulibe, kumanzere kulibe, kankhope kali see ngati mbatata yosenda. Ababa anali atapita kukawothera dzuwa kwa anzawo a kutchalitchi. Kakadwala kamphaka aka, kakafa m'nyumba mwanga, munthu wamkulu uja sadikiranso mvula, anyamuka tsiku lomwelo.

Ndinaitana a Alzira, oyandikana nawo nyumba, amene aweta amphaka kuyambira kale. Anakanyamula n'kukatembenuza uku ndi uku.

"Kanayandikira mbaula?" anafunsa.

Ndinakanunkhiza. Fungo la ubweya wopsa panalibe. A Alzira anati ndevu zowauka zimapotana kunsonga, koma apa panangotsala tizitsa towongoka.

"Kapena chipere. Chimathothola ubweya pamodzi ndi ndevu." Anapatula ubweya ndi chala, koma khungu linali loyera, lopanda nkhanambo, nthata ngakhale imodzi. "Nthawi zina make amaziluma pokanyambita."

"Make ali ku Mongue, amayi Alzira. Wabwera wapansi kudzaluma ndevu n'kubwerera?"

Anaseka, kenaka anatsitsa mawu. "Ndiye izi zadulidwa, mwanangu. Ndi lumo kapena lezala."

Lumo! M'nyumba muno mwini malumo ndi mmodzi yekha, mwamuna wanga Hélio, telala, bambo wa mwana wathu Ilda. Ndipo dzulo lake kamphakako kanali katagubuduza ulusi wake mpaka kubafa. Ndinamupeza pamakina akusoka nsalu ya kapulana ya munthu, ndipo sindinamupatse ngakhale moni.

"Bambo a Ilda, mwatani? Mukufuna Ababa achoke? Nenani poyera!"

"Epa, ndalakwanso chiyani?"

Ndinamuonetsa kankhope kaja. Anayamba kuseka, koma ataona misozi yanga anasiya. Analumbira kuti malumo ake sanakhudzepo mphaka chibadwire. Sindinamukhulupirire. Ndinamunena zambiri, zina ndikuchita nazo manyazi mpaka lero, iye n'kumangopukusa mutu phazi lili pachopondera.

Ababa anabwera masana. Ndinali nditabisa kamphakako mudengu, koma kanalira atangomva ndodo yawo. Ndinagwada pafupi ndi mpando wawo.

"Ababa, pepani. Kamphaka kanu wina wakadula ndevu. Sikakudwala, ndipo zimeranso, atero a Alzira. Chonde musakhumudwe."

Ababa analoza pansi pa chitseko ndi ndodo. Pamenepo panali kadothi kofukulidwa kumene, kopondedwa ndi chidendene. M'mawa ndinasesapo osakaona.

"Zili apo," anatero. "Ndadula ndine, ndi lezala yanga."

"Inu? Ababa, chifukwa chiyani?"

"Iwe sungadziwe, unali kumsana. Pamene tinkabwerera kuchokera ku kampu ya ku Malawi nkhondo itatha, amako ananyamula mphaka mumtanga. Titafika ku Mongue tinapeza nyumba kulibe, thengo lokhalokha. Tisanazike ndi mtengo umodzi womwe, iwo anamudula ndevu n'kuzikwirira pamene panadzakhala khomo. Kwathu timatero kuti mphaka aiwale njira ya kumene wachokera. Ine ndinati, bwanji tiyambe taona ngati mtendere uwu ndi weniweni? Amako anati ayi, tafika."

Anakanyamula kamphakako n'kukaika pamiyendo. "Mwezi wonse uno ndimakana kukadula. Ndimati tonse awiri ndife alendo."

Pofuna kubisa misozi, ndinayamba kuwakalipira. Ndinati ndevu n'zimene mphaka amayezera njira, taonani kakugunda miyendo ya mipando ngati woledzera, nanga khoswe kadzamugwira bwanji? Ndinati mwambo umenewo ngwozunza nyama ndipo asadzayerekezenso.

"Sindidzabwerezanso," anayankha mofatsa. "Zimachitika kamodzi."

Hélio anatsokomola pakhomo. "Nanga ine mlandu wanga watha?"

"Khalani chete inu," ndinatero, koma madzulo ake ndinamuphikira nkhuku, n'kumupatsa chiwindi ndi nthutumba zomwe.

Mvula yoyamba inagwa patatha milungu itatu, Loweruka masana. Ndinali kumsika, ndipo ndinasiya tomato wanga ndi mnzanga n'kuthamanga njira yonse, madzi akulowa m'maso. Ndevu ndi ndevu, koma munthu akhoza kusintha maganizo akamva fungo la dothi lonyowa. Ndinakankha chitseko n'kuyang'ana kuseri kwake.

Chikwama chinalipo, koma chomasula. Malaya a Ababa anali pachingwe m'chipinda, chithunzi cha amayi chili pawindo. M'chikwama chopanda kanthucho munagona kamphaka kaja, tindevu tatsopano titayamba kutuluka.

Ababa anali pakhonde la kuseri, akuyang'ana kachigawo kanga kodzala zitsotso za chimanga cha chaka chatha.

"Rosita," anatero osatembenuka, "khasu la pano mumasunga kuti?"