Zitoliro za a Elifala

"Ika pansi dengulo," anatero Modesta.

Langton anali atalitsitsa kale pamtanda wa denga pomwe linkakhala. Anaima nalo pakati pa nyumba, mutu wake wometedwa m'mawa womwewo uli mbee, malaya ofiira a achinyamata a chipani ali m'thupi. Panali patapita masiku atatu chiikireni m'manda bambo awo, a Elifala, mmisiri wa zitoliro amene Msakambewa yense ankamudziwa.

"Achemwali, si ine ndikuzifuna," anayankha Langton. "Awapampando ndiwo andituma. Loweruka kuli msonkhano, ndipo akuti anyamata a gule asapite chimanjamanja."

"Awapampando akowo anabwera pamaliro?"

"Anatumiza uthenga."

"Uthenga!" Modesta anamulanda dengulo mwamphamvu mpaka zitoliro zinagundana m'katimo. "Bambo sanawole n'komwe, iwe wayamba kale kugawa mpweya wawo kwa anthu amene anawapha."

"Modesta, tsitsa mawu," anatero mayi awo, a Sabina, ali pamphasa pakona. Maso awo anali pakhomo. Kuseri kwa nyumba kunali anthu otsala pamaliro, ndipo masiku amenewo mawu otere ankatha kumusowetsa munthu m'mudzi.

Koma Modesta anali atawasunga mawuwo kwa milungu iwiri. Iye ndiye anaona zonse. Tsiku limene kunkadutsa mlendo wamkulu wochokera ku Lilongwe, a Elifala anali chigonere ndi chifuwa. Langton anabwera mamawa ndi njinga, n'kuwagwadira kuti apite kumsewu akaimbe, poti anali atalonjeza kale akuluakulu kuti bambo ake adzakhalapo. Mvula inayamba dzuwa lisanafike pamutu. Anthu anaimirira m'mbali mwa msewu mpaka madzulo, wosaloledwa aliyense kuchoka. Galimoto zitafika zinadutsa osaima, magalasi ali otseka. A Elifala anabwerera kunyumba akunjenjemera, ndipo pofika nawo kuchipatala ku Mtengowanthenga pa ngolo, chibayo chinali chitawamaliza kale.

"Ndine ndinkawapukuta thukuta," anatero Modesta mwaukali. "Ndine ndinkawatembenuza. Iwe unali kuti? Unkagulitsa makadi a chipani pamsika."

"Ndikanakana tsiku lija mukuganiza kukanachitika chiyani? Mumadziwa zimene anawachita a Gregorio atakana kupita kumsonkhano? Fodya wawo yense anazulidwa."

"Fodya amabzalanso wina."



Modesta anakhuthulira zitoliro zija pamphasa. Zinalipo zisanu ndi ziwiri. Zinayi zinali zachitini, zogula m'sitolo ku Mponela, zimene bambo awo ankaphunzitsira ongoyamba kumene chifukwa zimalira ngakhale munthu atangopumiramo. Zitatu zinali zamtengo, zosema okha, zoboola ndi waya wamoto. Chachitali kwambiri, cha mlombwa, chinali chitada m'mabowo ndi thukuta la zala za zaka makumi atatu.

"Sankha," anatero Modesta. "Si ndiwe mwana wamwamuna wa mwini wake? Sankha tione ngati ukuchidziwa chimene ukupita kukapereka."

Langton anagwada. Dzanja lake linadutsa zachitini zija n'kugwira cha mlombwa.

"Liza."

Anachiika pamlomo n'kuuzira. Munangotuluka mphepo, fuu. Anauziranso mwamphamvu, ndipo chinalira mosasa ngati nkhuku yogwidwa pakhosi.

Modesta anaseka kuseka kowawa. "Wamva? Zaka zonsezi unkati nyimbo zawo n'zachikale. Unkathawa akafuna kukuphunzitsa. Unawakumbukira tsiku limodzi lokha, tsiku lofuna kutamandidwa ndi awapampando."

"Ndikudziwa!" Langton anakuwa, mitsempha ya m'khosi ili tolotolo. "Mukuganiza kuti ndimagona? Ndikatseka maso ndimawaona ali pamsewu paja, madzi akuyenderera m'ndevu. Mukufuna ndinene kuti ndinawapha? Chabwino, ndinawapha!"

Kuseri kwa nyumba anthu anasiya kulankhula.

A Sabina anadzuka pang'onopang'ono, n'kukatseka chitseko. Anatola zachitini zinayi zija, anazimanga ndi luzi, n'kuziika patsogolo pa Langton.

"Izi ukapereke. Ukanene kuti zamtengo tinaika nawo m'bokosi."

"Amayi, akadzadziwa kuti ndi bodza..."

"Ndanena ndine. Akafuna kufukula manda a mwamuna wanga, adzabwere ndi makasu awo."

Modesta anali asanawamvepo amayi ake akulankhula chotero. Anatola ziwiri zamtengo n'kuzibisa m'nsalu yake, kenaka anatambasula dzanja kuti alande cha mlombwa. Koma amayi ake anamuyambirira.

"Ichi n'changa," anatero Modesta. "Iyeyu sachiyenera."

"Sindinati achiyenera."

A Sabina anakhalanso pamphasa. Anachipukuta chitolirocho ndi mpango, kenaka anachilowetsa m'bulauzi n'kuchipanira kukhwapa. Anachifunditsa momwemo nthawi yaitali, ana awo akuwayang'ana.

"Mtengo ukazizira sulira," anatero pomaliza. "Bambo anu sankapatsa munthu chitoliro chozizira, kuopa kuti angachite manyazi pagulu n'kuganiza kuti vuto ndi iye. Tsiku la mvula lija, jekete lawo anakulungira ichi, iwo n'kutsala ndi malaya okha. Nditawakalipira pamsewu pomwepo anati, 'Chikakana kulira, achita manyazi ndi mwana.'"

Modesta anatembenukira kukhoma. Ukali unali ukadali pachifuwa pake, tsopano wosadziwa kuti aulunjike kwa yani: kwa mlongo wake, kwa awapampando, kapena kwa nkhalamba yofatsa mopitiriza ija imene inalolera kunyowa.

A Sabina anatulutsa chitoliro chija n'kuchipereka kwa Langton ndi manja awiri.

"Pang'onopang'ono. Usachikalipire."

Langton anavula kaye malaya ofiira aja n'kuwaika pansi. Anauzira mofatsa, ndipo chinatulutsa liwu limodzi lokha, lalitali, lakuya. Atafuna kusintha liwu, zala zake zinasochera pamabowo.

Modesta anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. Anagwada pambali pake, osamuyang'ana kumaso, n'kumukankhira chala chapakati pabowo lake mwaukali.

"Apa, chitsiru iwe," anatero. "Bambo ankatseka apa."