Mutu Womaliza wa Buku la Bambo

Namwino anakhuthula dilowa ya tebulo la bambo ake kachitatu, koma munangogwa mapensulo ndi magalasi othyoka. Panali patapita masiku anayi chiikireni maliro a mkuluyo, mlembi wa mabuku amene ana asukulu amalembera mayeso, ndipo buku lomwe anasiya linalibe mutu womaliza.

"Anamaliza," anatero mlongo wake, mphunzitsi, atatsamira chitseko. "Anandiuza okha kuchipatala. Osindikiza akudikira."

"Ndiye mapepala amera miyendo?"

"Funsa amene analowa muno tsiku la maliro."

Namwino anali atawaona yekha azakhali awo akutuluka m'chipindamo mwakachetechete, chikwama atachipana m'khwapa. Bukulo linkanena za mtsikana amene anasiya sukulu kuti mlongo wake aphunzire, ndipo pabanjapo aliyense ankadziwa kuti mtsikanayo ndi azakhaliwo. Mwina mathero anawanyoza. Mwina mapepalawo anawatentha kale.

Azakhaliwo anawapeza kukhitchini akupukuta makapu obwereka.

"Azakhali, m'chipinda cha bambo mwasowa mapepala."

"Sanasowe. Ali ndi ine."

Anayankha osatembenuka n'komwe, ndipo zimenezo zinam'psetsa mtima namwino kuposa bodza.

"Munawatengeranji osatiuza? Muli zimene simukufuna kuti anthu awerenge?"

Azakhali anaika kapu pansi, napukuta manja.

"Ndingadziwe bwanji zili m'menemo, mwana wanga? Ine zilembo ndimaziona ngati nyerere."

Anatulutsa mapepalawo m'chikwama, atakulungidwa m'mpango woyera, osapindika ngakhale pangodya.

"Buku lililonse, mathero mlongo wangayo ankayamba wandiwerengera ine. Ndikati munthu salankhula choncho, ankang'amba n'kuyambiranso. Buku lachitatu lija anang'amba kasanu. Ili anati andiwerengera akatuluka m'chipatala. Ndinaopa kuti mlongo wakoyo athamangira nalo kwa osindikiza ndisanalimve."

Namwino anayang'ana tsamba loyamba. Zilembo za bambo ake zinali zonjenjemera, zotsetsereka ngati zikufuna kugwa papepala. Pamwamba analembapo ndi pensulo kuti: asanamve achemwali, lisatuluke.

Mphunzitsi anasuzumira pakhomo. "Apezeka?"

"Auze osindikiza adikire," anatero namwino.

Anakoka mpando n'kukhala. Azakhali anakhala pa mpando winawo, manja pamiyendo, natsinzina.

"Usathamange," anatero. "Iye ankawerenga pang'onopang'ono, kumandiyang'ana kumaso."