Lole Yozimira Pachitunda

Abambo anga anayendetsa lole zaka makumi atatu ndi ziwiri, ndipo mukawafunsa adzakuuzani kuti sanagundepo ngakhale nkhuku. Amayi amati nkhuku anagundapo ziwiri, koma pakhomo pathu nkhani imeneyo sitiiputa. Chaka chatha kampani inawatumiza kwa dokotala. Dokotalayo anawaunika m'maso, anawauza kuti atambasule manja, kenako analemba kalata. Mwezi usanathe abambo anali atakhala pakhonde, ntchito yatha.

"Dokotala wake mwana wadzulodzulo," ankatero tsiku ndi tsiku. "Dzanja langa lilibe vuto. Kunkazizira tsiku limenelo."

Munthu wozolowera msewu akakhala pakhomo amasanduka bwana wa chilichonse. Abambo anayamba kuwaphunzitsa amayi kayanikidwe ka zovala. Anakonza chitseko chosawonongeka mpaka chinawonongeka. Tsiku lina amayi anandiimbira foni ndili kuntchito.

"Iwe, bwera udzawatenge abambo ako, apo ayi udzandipeza kupolisi."

Ine ndimagwira ntchito pamalo osindikiza makadi aukwati ndi zikwangwani. Tsiku lonse ndimakhala pakompyuta, choncho kwathu amanditenga ngati katswiri wa chilichonse cholumikiza kumagetsi, kuyambira foni mpaka ketulo. Mnzanga wina wakuntchito anandionetsa gemu yoyendetsa malole: umasenza katundu, umadutsa m'mapiri, mvula imagwa, ukathamanga apolisi amakugwira. Ndinangoti basi, mankhwala a abambo ndawapeza. Vuto linali lakuti gemu yotere siyenda pakompyuta wamba, ndiye ndinaganiza zomanga yanga ndekha.

Ndinasonkhanitsa zipangizo kwa miyezi inayi, chimodzichimodzi. Purosesa yabwino, ubongo wa kompyuta. Khadi la zithunzi lalikulu ngati njerwa, la mafani atatu. Bokosi lagalasi m'mbali, ndi timagetsi tamitundumitundu ta m'kati mwake, topanda ntchito iliyonse koma ndinatikonda. Chiwongolero ndi mapedulo ndinagula kwa munthu wina yemwe mkazi wake anatopa nazo. Pomaliza panatsala pawa sapulayi, kabokosi kachitsulo kamene kamalandira magetsi akukhoma n'kugawira ziwalo zonse za kompyuta. Kameneka sikaoneka n'komwe, kamabisala pansi kumbuyo, ndipo m'thumba mwanga munali mutapepuka kale. Ndinaipeza pabenchi ina mumsewu wa ogulitsa mafoni. Pakatoni pake analembapo mphamvu yake, 800, ndi zilembo zofiira, pambali pali chinjoka chikulavula moto. Ndinali nditamva kuti yabwino imalemera, ndiye ndinaiyeza m'manja, ndipo inkalemeradi. Mtengo wake unali ngati wa nsapato za mwana. Ndinachoka ndikudzitama kuti wogulitsayo ndamupusitsa.

Tsiku lomwe ndinakapereka kompyutayo, abambo anayang'ana chiwongolero chomwe ndinamangirira patebulo la pabalaza n'kupukusa mutu.

"Zidole izi."

Anakhala pansi kungofuna kundisangalatsa. Ndinawasonyeza batani loyatsira ndi polizira injini. Injini italira m'masipika, ndinaona msana wawo ukuwongoka. Anasendeza mpando, anatambasula dzanja kufuna kukonza galasi lam'mbali n'kugwira mpweya. Pasanathe mphindi khumi anali akukalipira kagalimoto kofiira komwe kanawadula kutsogolo.

Sabata yoyamba amayi ananditumizira uthenga wa mawu anayi okha: Mulungu akudalitse mwana wanga. Abambo ankadzuka m'mamawa, kusamba, kupisira malaya, kuitanitsa tiyi wa m'fulasiki, n'kutsanzika kuti akupita kuntchito. Ntchito yake ya mapazi asanu kuchokera kuchipinda chogona.

Loweruka la sabata yachitatu ndinapita kukawaona, ndipo ndinapeza chiwongolero chitavindikiridwa ndi nsalu yapatebulo. Abambo anali pakhonde, akuyang'ana mpanda.

"Bwanji lero simunapite kuntchito, adiraiva?"

"Ndatopa nazo zidole zakozo. Ukagulitse."

Amayi anandikodola kukhitchini.

"Lero ndi tsiku lachinayi," anandinong'oneza. "Kudya akungolawa. Dzulo ndawapeza atatambasula dzanja, akungoliyang'ana. Ine sandiuza kanthu, kayese iweyo."

Ndinakakhala pasitepe pafupi ndi mapazi awo. Ine ndikafuna chinthu sinditopa, khalidwe limeneli ndinatengera iwo omwe. Ndinafunsa, ndinafunsanso, mpaka anagonja.

"Andipatsa katundu wolemera, makina a kufakitale, woti ndikwere naye phiri. Pali chitunda china chokhota, mvula imayambira pomwepo. Ndikangofika pakati, zonse zimathima. Mdima bii. Ndayesa kasanu ndi kawiri." Anayang'ananso mpanda. "Moyo wanga wonse sindinazimitsepo lole pachitunda. Makina sanama, mwana wanga. Aona zomwe anaona dokotala uja."

Chisoni chinandigwira. Munthu wamkulu, masiku onsewa wakhala akuyatsanso kompyuta mwakachetechete, akuganiza kuti ikumulanga.

"Bambo, gemu sizimitsa kompyuta munthu akalakwitsa. Imangokuuzani kuti mwalakwa, basi."

"Usandinyengerere ngati mwana."

Ndinachotsa nsalu ija n'kukhala pampando kuti ndiwasonyeze. Kayendetsedwe kanga ndi ka chidakwa, ndinagwetsa zikwangwani zitatu ndisanatuluke m'tauni, abambo ali kumbuyo kwanga akubuula. Komabe ndinafika pachitundapo. Mvula inayamba, mafani m'bokosi anayamba kulira ngati akufuna kuuluka, kenako ndinangomva kuti thapu, sikirini yada. Kumbuyo kwa bokosi kunatuluka kafungo ka pulasitiki wopserera.

"Mwaona? Yandizimiranso ine!"

"Iwe sudziwa kuyendetsa. Ikanalekeranji kukuzimira?"

Ndinazula pulagi. Masana omwewo tinakwera takisi, abambo atafukata kompyuta pamiyendo ngati wodwala, ulendo kwa Mayi Fyuzi. Mayi ameneyu amakonza makompyuta m'kachipinda kopanikizika kunsi kwa masitepe a nyumba ina yamashopu, ndipo dzinali anamupatsa chifukwa sachedwa kuphulika. M'kachipindamo mumanunkhira mtovu wosungunula, mashelefu adzaza makompyuta akufa mpaka kudenga, ndipo mpando wa alendo ulipo umodzi wokha. Anaupereka kwa abambo.

Mayi Fyuzi anatsegula galasi lam'mbali la bokosi lija. Anayang'ana khadi, anagwedeza mutu. Anayang'ana purosesa, anagwedezanso. Timagetsi tanga anangotidutsa ngati sanatione. Kenako anawerama ndi tochi n'kuunika pansi, ndipo anavula magalasi.

"Anamanga ndani?"

"Ine," ndinayankha, chifuwa patsogolo.

"Mwamanga bwino, achemwali. Nanga chinjokachi munachitola kuti?"

"Ndi ya 800 imeneyo."

"Inenso ndikhoza kulemba pachipumi kuti ndili ndi zaka makumi awiri."

Anamasula masikuluwu anayi, anaitulutsa n'kuitembenuza. M'mbali mwake munali kapepala ka manambala ang'onoang'ono komwe ine sindinakawerengepo.

"Nambala yaikulu yapakatoni ndi yokopera anthu ngati inu. Muziwerenga apa, pamzere wa 12V, chifukwa khadi ndi purosesa zimadyera pamenepa. Apa alemba 20A. Chulukitsani ndi 12."

"240."

"Ndiwo mawati ake amenewo, ngati sananamenso. Khadi lanuli palokha likalusa limafuna 220. Purosesa idye chiyani, miyala?"

"Koma imalemeratu," ndinatero ndi mawu otsika.

Apo ndiye anaseka mpaka kutsokomola. Anati tisadzayesere kunyumba zomwe akufuna kuchitazo, chifukwa kabokosi kameneka kamaluma ngakhale utazula pulagi. Anakagwiragwira ndi zida zake kaye, kenako anakatsegula. M'katimo munali mbee, tizipangizo towerengeka, ndipo pakona panali chibuluma chokulungidwa ndi tepi yachikasu, timawaya take tiwiri tikungolendewera. Anakanda tepiyo ndi sikuludiraiva, patebulo panagwa fumbi lotuwa.

"Simenti. Nayi 800 yanu. Akudziwa kuti mumayeza ndi manja."

Manyazi anandigwira, ndinangoyang'ana nsapato zanga. Ine wodzitcha katswiri, kugula simenti n'kukaipatsa ntchito yodyetsa kompyuta ya abambo anga.

Nthawi yonseyi abambo ankangoonerera, chipewa chili pabondo. Apa anakhosomola.

"Mayi, ndifunseko. Chinthuchi ntchito yake kwenikweni n'chiyani?"

"Chimapereka magetsi ku zonsezi, bambo. Mukamayenda pamsewu wopanda zambiri, khadi limangodya pang'ono. Ikabwera mvula, mitengo, nyali za magalimoto, limafuna zambiri nthawi imodzi. Ichi chimalephera, chimagwa, zonse n'kuthima."

Abambo anaganiza pang'ono.

"Pampu ya mafuta."

"Mwati bwanji?"

"Injini ili bwinobwino, koma pachitunda mafuta sakufika."

"Mwamaliza, bambo. Simukufuna ntchito kuno? Mwana wanuyu ndiye ayi."

Abambo sanaseke. Anatembenuza chipewa chawo kawiri.

"Nanga woyendetsa? Kulakwitsa kwake sikungachititse?"

"Woyendetsa sizimukhudza. Olo mutakhazikapo mngelo, izima basi."

"Tikaonera pachitunda pomwepo," anatero abambo. Ndinadziwa kuti sanakhulupirire kwenikweni.

Mayi Fyuzi anatsitsa makatoni atatu pashelefu yapamwamba n'kuwayala patebulo. Abambo analoza lalikulu, lolembedwa 1000.

"Tipatseni iyo. Isadzazimenso."

"Dikirani kaye." Mayi Fyuzi anatenga cholembera n'kuyamba kulemba kuseri kwa katoni. "Khadi, 220. Purosesa, 90. Zina zonse pamodzi ndi timagetsi ta achemwali, tinene 50. Zonse 360. Ndiye simugula ya 360 yeniyeni, pamafunika malo opumira, chifukwa khadi nthawi zina limadzidzimuka n'kumeza zambiri kamodzi."

"N'zoona," abambo anavomera. "Lole ya matani khumi suisenza matani khumi pamsewu wam'mapiri."

"Eya. Komanso simugula ya matani makumi atatu kuti muzinyamulira mbuzi ziwiri. Tengani iyi ya 650."

Inali yakuda, yopanda chinjoka, yopanda chokongola chilichonse. Anandipatsa kuti ndiwerenge ndekha kapepala kam'mbali. Pamzere wa 12V panali 54A. Ndinachulukitsa pafoni, zinakwana 648, pafupifupi zonse zomwe katoni linalonjeza. Anandionetsa mapulagi awiri a khadi, ake enieni, n'kundiponyera kawaya kolumikizira komwe ndinapachika pachinjoka chija chifukwa mapulagi ake sankakwana. Anati iyi ikaona kuti zinthu zavuta imadzizimitsa mwaulemu osapsereza anzake, ndipo opanga ake alonjeza kuti ikafa zaka zisanu zisanathe adzapereka ina.

"Chinjoka chanuchi chikanatha kufa pamodzi ndi khadi. Muli ndi mwayi, achemwali, nzeru ndiye kaya."

Mtengo wake unandiumitsa pakamwa, koma ndinalipira osanenerera, koyamba m'moyo wanga. Abambo anapempha kuti nawonso aone kapepalako. Anakagwirira patali, maso atatsinzina pang'ono, n'kuwerenga nambala iliyonse mokweza ngati akuyendera lole asananyamuke.

Tinafika kunyumba dzuwa likadalipo. Ndinamanga pawa sapulayi yatsopano, waya uliwonse ndikuuyang'ana kawiri. Abambo anakasamba m'manja, anapisira malaya, anakhala pampando. Amayi anaima pakhomo la kukhitchini ndi mbale imodzi, ndipo mbale imeneyo anaipukuta ulendo wonse.

Kuchoka kufakitale kukafika kuphiri ndi mphindi makumi anayi. Abambo sanathamange ngakhale pang'ono. Anaima pamaloboti onse, anapatsa mpata basi, anadutsa mlatho. Kenako msewu unayamba kukwera, kumwamba kunada, madontho oyamba anagwera pagalasi. Anayatsa mawaipa, anatsitsa giya. Mafani m'bokosi anayamba kulira kuja. Ndinayang'ana dzanja lawo lamanzere pachiwongolero. Linkanjenjemera, ndinaliona ndi maso angawa, ndipo ndinachita mantha.

Anatsitsanso giya. Lole inabuula, makina a kufakitale akuikokera kumbuyo. Tinafika pokhota paja pomwe zonse zinkathima. Abambo anatsegula kona, anadikira kuti ngolo itsatire, n'kuwongola pang'onopang'ono. Sikirini inangowalabe. Mvula inakula, mphezi inang'anima, lole ikukwerabe, mpaka msewu unagona pamwamba pa phiri.

Amayi anakuwa, ine ndinalumpha n'kugunda tebulo. Abambo sanatembenuke. Anayatsa indiketa, anapatukira pambali pa msewu, anakoka handibuleki. Injini inkangolira pansipansi.

"Ndiye kuti sindinali ine."

"Simunali inu, bambo. Ndinali ine ndi simenti yanga."

Anachotsa dzanja lamanzere pachiwongolero n'kulitambasula kutsogolo kwawo, ife tonse tikuona. Silinakhazikike.

"Limanjenjemera ndithu," anatero. "Ndakhala ndikudziwa. Dokotala uja sananame, ndipo lole yeniyeni sindidzaigwiranso."

Amayi anaika mbale pansi. Ine misozi inalengeza, ndinasowa poyang'ana. Abambo analitembenuza dzanjalo uku ndi uku, kenako analibwezera pachiwongolero.

"Koma lakwera chitunda."

Anayatsa indiketa yambali inayo, anadikira kuti galimoto yakumbuyo idutse, n'kubwerera mumsewu.