Bambo Akayezedwe Bipi

Ku maphunziro a masiku atatu aja anawauza zambiri, koma Sisita, namwino wa pachipatala chaching'ono, anatolapo chimodzi chachikulu: mayi amene ukumukayikira kuti akumenyedwa kunyumba usamufunse mwamuna wake ali pompo. Mphunzitsiyo anazinena mopepuka, uku akumwa madzi a m'botolo, ngati kuti amuna amatuluka m'chipinda ukangowayang'ana.

Lolemba m'mawa, m'chipinda chake pachipatala chaching'onocho munalowa banja. Mayi anakhala pampando, bambo anaima kumbuyo, dzanja lili paphewa la mkazi wake ngati akujambulitsa chithunzi. Anali bambo waulemu zedi, wa malaya osita bwino, moni wake mpaka kufunsa ana a Sisita amene sanawaonepo.

"Chavuta n'chiyani, mayi?" anafunsa Sisita.

"Mutu," anayankha bamboyo. "Tulonso sakugona."

"Unayamba liti mutuwo, mayi?"

"Lachisanu madzulo."

"Nanga kumwezi munapita liti komaliza, mayi?"

"Pa teni," anatero bamboyo, osaphethira n'komwe.

Sisita akanaseka, koma buku la kuchipatala la mayiyo linali lotsegula patebulo. Mwezi watha: anagwa m'bafa. Mwezi winawo: anawombana ndi chitseko. Zolemba zonsezo zinali za dzanja la Sisita yemwe, ndipo maulendo onse awiri anangomupatsa mapiritsi n'kuitana wina. Lero, atamupinda mkono wa bulauzi, anaona mikwingwirima inayi yondondozana, kukula kwake ngati zala. Sisita anachita manyazi.

"Bambo, mungadikireko panja pang'ono?"

"Ayi, asisita. Ameneyu amachita manyazi akakhala yekha."

Sisita anamutuma bamboyo kukadinditsa buku kuzenera, kumene mzere unafika mpaka pakhonde. Pasanathe mphindi ziwiri anali wabwera. Anali atapempha mwaulemu ndipo anthu anamupatsa mpata. Sisita anatenga kabotolo n'kuuza mayiyo kuti akasiye mkodzo, poganiza kuti amutsatira kuchimbudzi cha amayi. Bamboyo ndiye ananyamula kabotoloko, n'kukaima pakhomo la chimbudzi atakumbatira chikwama cha mkazi wake. Amayi a pabenchi anayamba kukodolana.

"Amuna otere akusowa masiku ano," anatero mmodzi. "Wanga ngakhale njira ya kuno saidziwa."

Apa ndiye Sisita anakumbukira Wailesi. Ameneyu anali bambo woyeza anthu sikelo ndi bipi m'kachipinda koyandikana nako, ndipo dzinali sanamupatse mwangozi. Ukamufunsa nthawi ankayamba ndi sitolo imene anagulamo wotchiyo. Pa tiyi anzake ankamuthawa, ndipo Sisita mwiniyo anali katswiri pothawa. Anasuzumira pakhomo pake n'kunong'ona.

"Akulu, ndikutumizirani bambo wina. Ndikufuna mumusunge mphindi khumi."

"Khumi zokha?" anatero Wailesi, ngati wanyozedwa.

Banjalo litabwerera, Sisita anamuyang'anitsitsa bamboyo n'kupukusa mutu.

"Maso anuwo sakundisangalatsa, bambo. Bipi munayezetsa liti? Amuna ambiri a msinkhu wanu amangogwa akuyenda."

Dzanja linachoka paphewa lija n'kupita pachifuwa pa mwini wake. Anatuluka mofulumira, osatembenuka.

Khoma la pakati linali la matabwa osafika kudenga, koma tsiku limeneli palibe chimene chikanadutsa kupita uko, chifukwa mpata wonse unadzaza ndi mawu a Wailesi. Anayamba ndi kuipa kwa mchere, n'kufika kwa malume ake amene anafa akumanga zingwe za nsapato.

Sisita anatseka chitseko, nakokera mpando wake pafupi. Anatulutsa kakhadi ka mafunso ka ku maphunziro, koma ataona kuti funso loyamba linali la mizere itatu, anakatembenuza.

"Mayi, zimene tikambe pano sindikauza munthu inu musanalole. Mkono wanu ndauona. Kodi kunyumba kuli amene akukupwetekani?"

Mayiyo anayang'ana pansi. Mphindi imodzi inadutsa, yachiwiri inatsatira. Kuseri kwa matabwa Wailesi ankanena kuti mkono wamanzere umanama, ayeze wamanja. Sisita lilime linkamuyabwa, popeza anazolowera kufunsa, kulemba, n'kuitana wotsatira. Kudikira anali asanakuphunzire bwino, koma anadikirabe.

"Ndinagwa," anatero mayiyo potsiriza.

"Chabwino. Sindikukakamizani. Koma mudziwe kuti palibe cholakwa chimene munthu ayenera kumenyedwera. Alipo anthu othandiza, alipo malo okhala inu ndi ana ngati zitafika poipa. Mukadzafuna, tidzaona limodzi. Lero mukabwerera kunyumba, mukuopa?"

"Lero ayi. Akachoka kuno amakhala wabwino masiku awiri atatu."

Atangotero anagwira pakamwa, ngati mawuwo atuluka osatsanzika. Sisita sanalembe kanthu. Anangogwedeza mutu kuti wamva.

Uko Wailesi anali atatulutsa mabatire m'makina oyezera bipi n'kuyamba kuwapukuta limodzi limodzi. Mawu a bamboyo anamveka, ulemu uja utayamba kusuluka.

"Akulu, zakwana. Mkazi wanga akundidikira."

"Mukakwiya imakwera, bambo. Tiyambirenso."

Mpando unakhuluzidwa pansi. Mayiyo anamva, natsitsa mkono wa bulauzi msangamsanga, n'kuweramira kwa Sisita.

"Lachinayi amapita kukaoda katundu, amabwera madzulo. Ndikabwera ndekha, ndikupezani inuyo? Wina sindingamuuze."

Lachinayi linali tsiku lake lopuma, loyamba m'masabata atatu. Zochapa zinali zitaunjikana kunyumba, ndipo anali atalonjeza mwana wake wamkazi kuti amuluka tsitsi. Sisita anakoka buku lija, nalemba ndi zilembo zazikulu zoti aliyense awerenge: abwerenso Lachinayi kudzayezedwa magazi. Mapazi a bamboyo anali atafika kale pakhomo.

"Mundipeza," anatero motsitsa mawu. "Musadzaime pamzere. Mudzangogogoda."