Nthambi Yodula Sifiira

"Atate, kodi nthambi ikadulidwa imadziwa tsiku lomwelo kuti yafa?"

Kalisto anafunsa funso limeneli ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, akutola nkhuni m'munsi mwa Phiri la Dedza. Bambo ake, a Gerevazio, anangoseka. Tsopano m'chaka cha 1987 Kalisto yemweyo, mphunzitsi wa ndevu zake, anali gone m'kachisakasa m'chigwembe cha mkati mwa nkhalango ya paini, mwendo utatupa ngati mtondo. Padenga pake panali nthambi zobiriwira zimene bambo ake ankadula ndi kusanja mwaluso, kuti wodutsa aziyesa chitsamba.

Mlandu wake unali kalata. Mnzake wa kusukulu amene anathawira kunja kwa dziko anamulembera, kalatayo inafika yotsegula kale, ndipo patangopita masiku awiri kusukulu kunabwera galimoto yopanda nambala. Kalisto anatulukira pazenera, nagwera pachitsa. Otengedwa ndi galimoto yotere, abale awo ankangowapempherera ngati akufa.

Lolemba masana, a Gerevazio akuthirira kachewere kudimba, anaona munthu ataima pamalire. Anali a Petulo, oyandikana nawo nyumba, mlonda wa nkhalango. Awiriwa anali asanapatsane moni wabwino kwa zaka ziwiri, chidyere mbuzi za a Petulo kabichi wa m'dimba lomweli.

"Mwaswera bwanji, bambo a Kalisto?"

"Taswera. Ngati mukufuna mbuzi zanu, lero zatikhululukira."

A Petulo sanaseke. Anayang'ana kumsewu, nakhala pamzere, natulutsa pepala lolimba m'thumba la yunifomu. Chinali chithunzi chojambulidwa kumwamba. Phiri lonse linali lofiira ngati nyama yosenda kumene.

"Ndege ija inkazungulira sabata yatha," anatero a Petulo. "Akatswiri akufufuza nsabwe zimene zikupha mitengo. Filimu yawo imaona kuwala kwina kumene maso athu saona. Tsamba lamoyo limatuluka lofiira. Lodwala kapena lodula limatuwa, ngakhale ife tizilionabe lobiriwira."

"Ndiye ine zikundikhudza pati? Ndilibe paini."

Chala cha a Petulo chinatsetsereka pachithunzi mpaka pachigwembe. Pakati pa kufiira ponsepo panali kadontho kotuwa, ka ngodya zinayi, kakang'ono ngati njere ya chimanga.

A Gerevazio anazindikira kuti ndi chisakasa chija. Miyezi iwiri ankayenda njira yosiyana tsiku lililonse, ankafufuta mapazi awo ndi tsache, moto ankayatsa pokhapokha chifunga chikakuta phiri. Zonsezo ankabisira anthu oyenda pansi. Anamuyang'ana mnzawoyo, chipewa chake cha boma, nsapato zake za boma. Masiku amenewo munthu ankakhoza kukufunsa ndi chisoni pamaso, khutu lake lili la ena.

"Ndi mwala umenewo," anatero.

"Inenso ndinawauza choncho abwana. Anandifunsa kuti, 'Petulo, kwanuko miyala imasemedwa ndi kalipentala?' Lachinayi ndege ibweranso, idzauluka chapansipansi. Kadontho kalikonse kosadziwika tidzakayendera ndi miyendo. Ndipo sitiyenda tokha masiku ano, amatipatsa anyamata achipani."

A Gerevazio anagwira chitini chothirira, nachisiya. Anafuna kunamanso, koma bodza linakana kutuluka.

"Mwana wanga sangayende," anatero motsitsa mawu. "Ndinayesa kumubereka kuti tiwolokere ku Mozambique. Tinagwa tonse tisanafike pamtsinje. Kuchipatala sindingamutengere. Amake amaphika chakudya cha anthu atatu, n'kumanamiza alendo kuti ndine wadyera. Mwabwera kudzandiuza kuti ndikumbe manda, a Petulo?"

"Ndikanafuna manda ndikanapita kuofesi ya chipani, si kudimba la munthu wamwano ngati inu."

"Ndikasanje nthambi zatsopano Lachitatu."

"Ndinawafunsa kale akatswiri aja mochenjera. Akuti mwina zingafiire, mwina ayi, zimatengera dzuwa. Mwana sitimuika pa mwina."

"Ndigwetse chisakasa?"

"Pansi popanda kanthu pamatuwanso. Ndipo iye mumuika kuti? Ayi. Denga likhale lamoyo. Udzu wa m'mbali mwa kamtsinje kaja, tiuteme ndi dothi lake ndi mizu yomwe, zigamba zigamba, tiyale pamwamba ndi m'mbali monse. Ukamwa madzi m'mawa ndi madzulo sudziwa kuti wasamuka."

A Gerevazio anawerenga m'mutu: milimo yolimba ya denga yoti isenze dothi lonyowa, maulendo a pamtsinje, msana wawo umene unali utatha kale, masiku awiri ndi theka. Ndiponso munthu wamba wopezeka ndi khasu m'nkhalango ya boma amafunsidwa mafunso.

"Sindingathe ndekha."

"Ndani wati nokha? Ine khasu ndimalowa nalo masana, ndimati ndikulambula njira yotchinga moto."

"Akakupezani, galimoto ija idzayamba kwanu. Muli ndi ana asanu."

"Ndikudziwa kuwerenga ana anga." A Petulo anabweza chithunzi m'thumba. "Mwina sizitheka, achimwene. Ngodya imodzi ikauma, kapena woyendetsa ndege akakhala wa maso, tapita tonse. Sindikukulonjezani kuti apulumuka."

"Nanga mukundilonjeza chiyani?"

"Madzi a m'mawa ndi anga, mpaka mwendowo utaphwa. Inu a madzulo. Ndipo akadzatituma kuchigwembeko, ine ndidzakhala patsogolo, ndidzakhosomola kuyambira pamtunda kuti amve kuti tikubwera."

A Gerevazio anapukuta dzanja lamatope pabuluku, nalitambasula kudutsa malire.

"Nanenso, akadzandigwira, dzina lanu silidzatuluka m'kamwa muno. Ngakhale andithyole nthiti."

"Bweretsani nkhwangwa mawa," anatero a Petulo. "Yanga ndi yobuntha."