Chipepeso cha patsamba loyamba

Mkonzi anakankhira foni kwa mtolankhani wake, mayi amene anzake ankamutcha Nafunsafunsa. Pafonipo panali chithunzi cha tsamba loyamba la nyuzipepala yawo, zilembo zikuluzikulu: TAPEPESA, MADZI A MUMTSINJE NDI ABWINO. Tsambalo linali lopeka, koma linali litafala kale m'mafoni a anthu. Sabata yathayo mayiyu analemba kuti fakitale ya zikopa ikutayira mankhwala mumtsinje, ndipo ana akutsegula m'mimba.

"Mawa tilembe kuti ili ndi bodza," anatero Nafunsafunsa.

"Khalani pansi, mayi. Eni fakitale anali pano m'mawa. Akuti tikangotchulanso mtsinje, atitseketsa."

"Mutu ukakula sulewa nkhonya, bwana. Anthu ayambiranso kutunga madzi aja."

"Mukapita kumeneko, musiye chiphaso cha ntchito patebulopa."

Anachisiyadi, n'kutuluka osatseka ndi chitseko chomwe.

Kumtsinje anapeza ndowa zili ndandanda. Pakati pa otungawo panali mayi ake omubereka.

"Si mwapepesa inu?" anatero mayi akewo osamuyang'ana. "Mlamu wako watiwerengera pafoni. Inu atolankhani, lero izi, mawa izo."

Mawuwo anamuwawa kuposa a mkonzi. Koma sanalumbire, pakuti wabodza nayenso amalumbira. Anatulutsa nyuzipepala yakale m'chikwama, n'kuloza pakona pa tsamba lachiwiri.

"Amayi, ifetu ndife anthu onyada. Tikalakwa, chipepeso timachibisa apa, m'munsi, ndi tizilembo tonga nyerere. Chiyambireni sitinapepesepo patsamba loyamba. Wopeka uja watiyesa anthu abwino kuposa mmene tilili."

Azimayi anaseka, ena mpaka kugwirana mapewa. Mmodzi, wa mwana kumsana, sanaseke.

"Ndiye tikukhulupirireni chifukwa ndinu ouma mutu?"

"Musandikhulupirire, achemwali. Ngakhale chiphaso ndilibe, ndachisiya ku ofesi. Tiyeni kumtunda mukaone paipi yotayira mankhwala ya fakitaleyo ndi maso anu. Koma ndineneretu, kuli alonda, ndipo akhoza kutithamangitsa."

Mayi ake a Nafunsafunsa anayang'ana ndowa yawo yodzaza kale, madzi ooneka oyera bwinobwino, omwe adzukulu awo akanamwa masana omwewo. Kenako anaipendeketsa ndi phazi, madzi onse n'kubwerera kumene anachokera.

"Tsogola," anatero akumanga nsalu m'chiuno. "Mlonda wothamangitsa ine sanabadwe."