Thumba Limene Ndinalikana

Chaka chimenecho dzina langa linatuluka. Mlangizi anawerenga mayina pabwalo la sukulu, ndipo atatchula Gladson Kachiwanda, mkazi wanga Malita analulutira. Matumba awiri a feteleza wotsika mtengo wa boma: wokulitsa, wothira chimanga chikangomera, ndi wobereketsa, wothira chikafika m'mawondo. Ine sindinasekerere. Ndakula, dzina lapapepala silindisangalatsa.

Kale feteleza ndinkagula pang'onopang'ono kusitolo ya Abrahamu pa Nsaru, ndikagulitsa mtedza. Koma Abrahamu anasiya kuoda.

"Ndiodere ndani, achimwene?" anatero nditamufunsa. "Aliyense akudikira wa boma. Wanga chaka chatha anaumira m'sitolo muno ngati miyala."

Tsopano amagulitsa matayala a njinga ndi sopo. Choncho ndinatsala ndi khomo limodzi, depoti ya boma, ulendo wa ola ndi theka panjinga.

Mvula inagwa kumapeto kwa Novembala, tinabzala, chimanga chinamera bwino. Ine ndinayamba kulondola depoti. Kumeneko anthu sayima pamzere. Umaika mwala kapena nsapato, iwe n'kukakhala pansi pa mtengo wa mango kumayang'anira kuti wina asausunthe. Tsiku loyamba anati netiweki palibe. Lachiwiri foni yojambulira zitupa inatha moto. Lachitatu lole sinafike. Mavenda okha ndi amene sankaoneka otopa. Ankazungulira kuseri kwa nyumbayo ndi mitolo ya zitupa za anthu ena, n'kutulukako akuseka.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi mwala wanga unafika pawindo. Kalaliki, mayi wa magalasi, sanadzutse ngakhale mutu.

"Madala, wokulitsa kulibe. Alipo wobereketsa yekha. Mutenga?"

"Nanga winayo?"

"Akubwera."

"Liti?"

"Kodi ine ndine dalaivala wa lole?"

Anthu anaseka. Ine ndinali nditamva pansi pa mango paja kuti foni ikangojambula chitupa chako, dzina limatsekeka, thumba lachiwirilo n'kupita kwa mavenda. Kaya zinali zoona, sindikudziwa mpaka lero. Koma ndinayang'ana mayiyo, ndinayang'ana kuseri kuja, ndinabweza chitupa changa m'thumba.

"Ndidzatenga onse awiri pamodzi."

"Inu agogo, mukusankha ngati muli paukwati?" anakuwa mayi wina kumbuyo kwanga. "Tapatukani, ife tatopa!"

Ndinapatuka.

Malita ndinamupeza kumunda akupalira. Anayang'ana kaliyala wa njinga, anayang'ana ine.

"Bambo a Chimwemwe, watha?"

Ndinamufotokozera zonse. Anatsamira khasu.

"Ndiye kuti thumba linali pamaso panu, inu n'kulisiya? Tikanalisakaniza ndi ndowe za mbuzi, gaga ndi phulusa, ngati mmene achitira anzathu. Likanakwana munda wonsewu."

"Ine sindiberedwa masana dzuwa likuswa mtengo."

"Chabwino," anatero. "Pitani mukachiuze chimangachi kuti simunaberedwe."

Patapita masiku awiri ndinabwererako nditasintha maganizo. Wobereketsa uja anali atatha. M'depoti munali mlonda, sikelo ndi tsache.

Kuyambira pamenepo ndinakhala munthu wapamsewu. Ndikakhala kumunda, mtima unkati lole yafika lero. Ndikapita kudepoti, udzu unkakula. Malita anapalira yekha, anabandira yekha, msana wake uli wovuta kale. Khirisimasi inadutsa. Chimanga chinayamba chikasu kuchokera kumasamba am'munsi, mapesi ake oonda ngati bango. Kenaka kunatuluka kaufiti, timaluwa take tofiira mzere ndi mzere, ngati wina wachita kubzala. Nthaka yathu inatopa kale, popanda feteleza imangokusungira mizere basi.

Ndinapitanso kwa Abrahamu kuti mwina akudziwa kwina. Anati alipo ku Lilongwe, komanso kwa mavenda omwe aja, koma mtengo wake ndi wa anthu a magalimoto. Anandipatsa mpando, ndinakana.

Lole inafika sabata yachiwiri ya Febuluwale. Tinaithamangira ngati ana, ife akuluakulu a imvi. Atatsitsa matumba tinaona kuti onse ndi wokulitsa, uja timamufuna mu Disembala. Chimanga changa chinali chitamasula kale, chili cholekeza m'chiuno.

Ulendo uno sindinatsutse. Ndinapereka chitupa.

"Nanga wobereketsa?" ndinafunsa chapansipansi.

"Tikutseka Lachisanu, madala. Wotsatira!"

Ndinakweza thumba la wokulitsa pakaliyala, n'kukankha njinga mpaka kumunda. Malita atawerenga zolemba pathumbapo anangokhala pansi pamzere.

"Musatsegule, bambo. Sungani, adzagwira ntchito chaka chamawa."

"Denga likudontha lija? Pofika Novembala adzakhala mwala."

"Ndiye mukufuna kukulitsa chiyani pano? Chakula kale mmene chakuliramu."

Ndinang'amba thumba, ndinatenga kachitsekero ka botolo, ndinayamba kuthira phando ndi phando. Ndinkadziwa kuti ndikudyetsa kaufiti. Ndinathira mizere isanu ndi iwiri, mpaka Malita anabwera kudzandilanda kachitsekeroko. Sanakalipe. Anamanga thumbalo ndi luzi, n'kulisenza yekha kupita nalo kunyumba.

Sabata yomweyo pawailesi bwana wina anati ntchito yayenda bwino, alimi a dera lathu alandira. Sananame. Chitupa changa chinajambulidwa, ine ndili m'gulu la olandira.

Pokolola sitinabwereke ngolo. Tizisononkho take tinali ngati zala, ndipo Malita anatuta ndi dengu maulendo anayi. Nkhokwe sitinaimate n'komwe, chimanga chonse chinakwana pakona ya chipinda. Mu Ogasiti anapita kukagaitsa chomaliza. Atabwerako anatenga khasu langa ndi lake, n'kuwaika pakhomo.

"Kuesiteti ya fodya akufuna aganyu a m'nazale," anatero. "Amalipira ufa. Munyamuka, kapena kumenekonso akuberani?"

Ndinanyamula khasu.